Kuima chadodolido: ya tripod isiyeni kaye

Khosi langa lapola tsopano, ndiye nditha kulankhula. Ngati mukufuna kuphunzira kuima chadodolido, yambirani pa njira yotsamira mikono, imene a yoga amaitcha sirsasana. Ya tripod, yotsamira mutu ndi zikhatho, idzabwera pambuyo.

Chimene chimandipsetsabe mtima ndi mphunzitsi wina amene ndinamulipira ndithu. Tsiku loyamba lomwelo anatiika tonse pa tripod: zikhatho pansi, mutu patsogolo pake, ngati mpando wa miyendo itatu, kenako "ponyani miyendo!" Basi. Sanafunse n'komwe ngati wina ali ndi BP kapena anavulalapo khosi. Pa tripod thupi limalemera kwambiri pamutu, pomwe tifupa 7 ta m'khosi ntchito yake ndi kunyamula mutu wa makilogalamu pafupifupi 5, osati munthu yense. M'mawa mwake kucheuka kunakanika, kuti ndione kumbali ndimachita kutembenuka thupi lonse. Nditawauza aphunzitsiwo, ati minofu ikuzolowera. Ikuzolowera chiyani zala zikuchita dzanzi? Ndalama inapita, masiku anathera kuthowa khosi.

Njira ya mikono ndi iyi. Gwadani, ikani mikono pansi kuyambira pachigongono mpaka padzanja. Zigongono zisatalikirane kuposa mapewa. Muyeso wake, dzanja lililonse lizitha kugwira chigongono cha mkono winawo. Lukanitsani zala, ikani paliwombo pansi, osati pachipumi, nkhongo itsamire m'zikhatho. Kankhani pansi ndi mikono kuti mapewa atalikirane ndi makutu. Mukamva kuti mutu ukukanikizika kwambiri, ndiye kuti mikono yagona pantchito.

Iyayi, ndadumpha china. Musanaike mutu pansi, yambani mwalimbitsa mapewa ndi ya dolphin: mikono pansi chimodzimodzi, chiuno m'mwamba, mapazi pansi, mutu osakhudza pansi. Ngati mukunjenjemera musanapume kangapo, nthawi yoima sinakwane.

Pokwera, yendetsani mapazi pang'onopang'ono kulowera kumaso mpaka chiuno chifike pamwamba pa mapewa, pindani bondo limodzi pachifuwa, kenako linalo. Kutsalira pomwepo mawondo ali chipindire si manyazi. Musaponye miyendo. Khoma likhale kumbuyo, koma ndi longokutchingani mukapendekeka, osati lomenyetsapo zidendene.

Pali timipando tina tokhala ndi pobowola polowetsa mutu, thupi n'kutsamira pamapewa. Khosi limapumadi, koma mikono sikuphunzira kanthu.

Muli m'mwambamo musatembenuze mutu, ngakhale wina akuitaneni. Mukatsika gwadani kaye chipumi chili pansi, musadzuke msanga kuopa chizungulire. A BP yokwera, a matenda a maso a glaucoma ndi amene khosi linawavutapo, funsani kaye dokotala. Dzanzi likangoyamba m'zala kapena mkono, tsikani pomwepo. Ndipo ndibwerezenso, aliyense wokuuzani kuti ponyani miyendo, musamumvere.