Tapereka, ndipo ndili ndi anthu oti ndiwathokoze

Abale, tapereka! Chiyambi cha pulogalamu ya pa TV, kavidiyo koonetsa mayina kamene gulu lathu limapanga ngati pulojekiti ya m'kalasi, aphunzitsi achilandira dzulo masana. Maso akadali psuu, msana ukuwawa, koma Mulungu alemekezeke.

Za laputopu ija mukuzidziwa kale, mmene inkatenthera n'kuzima render (kulumikiza zithunzi ndi mawu kukhala vidiyo imodzi) ili pakati, sindibwerezanso. Kunyumba ankandiseka, ati timasekondi 30 tolembapo mayina n'togonera kunja? Iwo sadziwa kuti TV ya kuno imayendera mafuremu 25 pa sekondi. Ndiye timasekondi timeneti ndi zithunzi 750, ndipo dzina lililonse liyenera kulowa, kuwerengeka, n'kutuluka pa nthawi yake.

Achimwene a situdiyo ya maukwati ku Zingwangwa, dzina sinditchula poti munandiletsa, koma mukudzidziwa. Munandisiyira kompyuta yanu usiku, mavidiyo a zinkhoswe za makasitomala anu ali pamzere. Magetsi atazima munailumikiza ku batire ya sola, inu eni n'kukhala mumdima. Ndinu munandionetsa ma proxy mu Premiere, pulogalamu yodulira mavidiyo, kuti ndizidula pa timafayilo topepuka, enieniwo adzabwere pa export, potulutsa vidiyo yomaliza. Chikhala kuti ndinazimva kale zimenezi, laputopu yanga bwenzi ikupumako.

Sindidzaiwala mutaima kumbuyo kwanga, kapu ya tiyi kumanja, chala pa sikirini. Dzina la wotsogolera pulogalamu linali m'mphepete penipeni, inu nkuti pa TV zina za m'makomomu lidzadukako. Munayatsa mizere ya safe area n'kundiuza kuti ndilikokere mkati. Zilembo zoyera zinkasowa pa thambo lowala la pamwamba pa phiri la Ndirande, munangozitsitsira pamene phiri ladera, nthawi yomweyo zinayamba kuwerengeka. Kenaka munanditsinzinitsa, ati ndimvere ng'oma kaye, paliponse yagunda ndiike chizindikiro, chithunzi chizisinthira pomwepo. Achimwene, m'kalasi anthu amagwedeza mitu pa malo omwewo!

Mnzanga amene unapanga kanyimbo kathukathu kuti tisatole ya eni n'kudzakumana ndi za COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, zikomo. Wakabaza amene munandifikitsa pa Chipembere Highway m'bandakucha kuti ndijambule maminibasi dzuwa likutuluka, amayi a masamba mu msika wa Limbe amene munalola kamera n'kundipatsanso nthochi, Ambuye akuonjezereni pomwe munachotsapo. Achemwali, bandulo ija inafika pa nthawi yake. Amayi, nsima ndinkaipeza yovundikira bwino ngakhale ndifike pakati pa usiku, ndipo mapemphero anu ndinkawamva kuseri kwa chitseko.

Tsono a m'gulu lathu ena aja. Pa WhatsApp uthenga mumawerenga, kuyankha ayi, foni ikaitana muli ku maliro sabata iliyonse. Lero ndi inu oyamba kufunsa chifukwa chake dzina lanu likuchoka msanga pa sikirini. Onse ndakulembani, zilembo zofanana, masekondi ofanana. Zinazo Mulungu ndiye akudziwa. Koma iwe amene unkabwera ndi mandazi n'kukhala nane mpaka export ithe, sukuwerengedwa m'gulu limenelo.

Chikundiwawa n'chakuti pa mayina onse akuyenda pa sikirini paja, la achimwene a ku Zingwangwa palibe. Lamulo la pulojekiti likuti ophunzira okha. Ndinayesa kukupatsani kangachepe, munandibwezera m'thumba, ati ndikagule flash yabwino ndisungiremo ntchito. Ambuye adalitse manja anu, situdiyo ikule, makamera achuluke, ana anu asadzasowe wowagwira dzanja.

Loweruka muli ndi ukwati ku Chilomoni, ndamva. Ndikubwera kudzanyamula tripod ndi zingwe tsiku lonse, ndipo ulendo uno musandikanize.