Ndege yanga sinagwe, inatera chagada

Amwene, popeza mlamu wanga wamwaza kale kavidiyo ka ngozi ya kandege kanga koulutsa ndi remote pa WhatsApp, ndiloleni ndinene mbali yanga musanandipatse dzina.

Ndege ija sinagwe. Inatera. Kungoti inatera chagada, m'tchire la ku Midrand, kufupi ndi Joni.

Mlandu uli kumchira. Elevator yake, chipsepse chakumchira chokweza ndi kutsitsa ndege, ndi yogawika pawiri, mbali iliyonse ndi servo yakeyake, kamota koigwedeza. Ine ndinamanga ma servo aja mopenyetsana, wina uku wina uko, n'kuwalumikiza ndi Y-lead, waya wamphanda, pa channel imodzi, njira imodzi ya uthenga wochokera ku remote. Akalandira uthenga umodzi amazungulira mofanana ndithu, koma ukawaika mopenyetsana, wina amakankha mnzake akukoka. Pa ma aileron, zipsepse za pamapiko zopendeketsa ndege, zimenezo ndiye zofunika. Kumchira ndi ufiti weniweni.

Musati sindinayese. Usiku wake ndinaika onse pakati, pa 1500 microseconds, timikono tawo tili pa madigiri 90, sub-trim, yosunthira pakati pa servo pang'onopang'ono, ndinaiseweretsa mpaka nsima kuzizira. Ndikakoka kandodo ka remote, mbali yakumanzere imadzuka bwinobwino. Yakumanja inali mumdima, magetsi atazima, tochi ya foni ili kukamwa. Maso awiri okhawa, ndikanaona zingati?

Kuno ku Joni tili pamtunda wopitirira mamita 1,700, mpweya ndi wopepuka, ndiye ndege inathamanga kaye mtunda wautali isanadzuke yokha. Ndinayang'ana mlamu wanga monyada. Kenako ndinakoka kandodo kuti ikwere.

Sinakwere. Inayamba kutembenuka. Pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati chimanga chowotcha pamakala. Ndinakokanso, inatembenukanso. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, ndikupendekera nayo limodzi, mwendo umodzi uli m'malere, ndikuikalipira m'Chichewa ndege yopangidwa ku China. Inandionetsa mimba, inandionetsa msana, inandionetsanso mimba. Mzungu wina wachikulire anawomba m'manja poganiza kuti ndi luso. Ineyo ndinagwedeza mutu kulandira ulemuwo, ndipo mbali imeneyo mlamu sanaijambule dala. Mbalame zaphokoso zija, ma hadeda, zinakhala chete koyamba chibwerereni kuno.

Kenako phuu!

Mdala uja anatola mchira, n'kugwedeza kandodo kamodzi kokha. Mbali ina m'mwamba, ina pansi, ngati banja lokangana za ndalama ya lendi. Akuti ndikanangoika servo reverser, kachipangizo kotembenuza kazunguliridwe ka servo mmodzi, kapena kupatsa servo aliyense channel yake n'kuwasakaniza pa remote, kenako kufananitsa ma end point, malire a pomwe aliyense amafika. Anthu amadziwa zambiri ndege ikasweka.

Ma servo onse awiri anapulumuka. Ndikuwagulitsa, koma paderapadera. Sagwirizana.