Tikuthokoza onse amene munagwira nafe ntchito ya (R)-3-aminobutan-1-ol

Ntchito yopanga (R)-3-aminobutan-1-ol mu labotale yatha bwino, ndipo ife a gulu la kafukufuku tikuti zikomo. Amine imeneyi (molekyulu yokhala ndi gulu la nitrogen) ndi chimodzi mwa zidutswa zomangira dolutegravir, mankhwala a HIV amene ali m'piritsi la TLD. Molekyulu yake ili m'mitundu iwiri, R ndi S, yofanana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere, koma yofunika pano ndi R yokha.

Choyamba tithokoze inu amene munatilangiza kusiya njira yolekanitsa mitundu iwiriyi ndi asidi monga tartaric. Njirayo ndi yakale komanso yodalirika, koma siingapereke zoposa 50 peresenti, chifukwa theka linalo ndi S. M'malo mwake tinatsata transaminase, enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito) yosankha R, njira imene makampani a Merck ndi Codexis anaionetsa mphamvu yake mu 2010 popanga sitagliptin, mankhwala a matenda a shuga.

Akatswiri a mu labotale, ntchito yanu sioneka pa lipoti, koma inali yolemetsa kuposa zonse. Enzyme imatenga gulu la amine kuchokera ku isopropylamine n'kuliika pa 4-hydroxy-2-butanone, mothandizidwa ndi PLP (mtundu wa vitamini B6), ndipo chotsalira ndi acetone. Acetone ikachuluka, ntchito imabwerera m'mbuyo, choncho imafunika kuchotsedwa nthawi zonse ndi mpweya wa nitrogen. Vuto lake, isopropylamine imawira pa madigiri 32 okha, nayonso imathawa, ndiye munkayenera kuionjezera uku mukuyang'anira pH (muyeso wa asidi; ikakwera, asidi wachepa). Kuionjezera mopupuluma nakonso n'koopsa: pH ikakwera, ketone ija (4-hydroxy-2-butanone) imataya madzi n'kusanduka methyl vinyl ketone, imene imagwira ma amine n'kuononga enzyme. N'chifukwa chake ketone imathiridwa pang'onopang'ono, osati yonse nthawi imodzi.

Anzathu opima, inunso zikomo. Amine tinapangayo sioneka bwino pa kuwala kwa UV, motero musanaiike pa chiral HPLC (makina opimira R ndi S padera) munkayamba mwailumikiza ndi gulu la benzoyl. Ndipo munakana kutipatsa chiwerengero cha ee (muyeso wa mmene R ikuchulukira kuposa S) musanayese kaye chisakanizo cha R ndi S chofanana, kuti mutsimikize kuti column (chubu cholekanitsira cha makinawo) ikulekanitsadi mitundu iwiriyo. Ena amadumpha pamenepa, n'kumanyadira mzere umodzi wa pa zotsatira umene ukubisa iwiri.

Pomaliza, inu amene munatulutsa amine yathuyo m'madzi. Imakonda madzi kwambiri moti ethyl acetate, chosungunulira choikokera m'madzi, imakoka yochepa chabe. Zinatengera kuchotsa madziwo kaye, kenako distillation (kutcheza) pansi pa vacuum, mochotsedwa mpweya. Mwagwira ntchito yotamandika, zikomo kwambiri nonsenu.