Tayi ya ku tchalitchi ndi puresha ya m'diso

Achimwene anga a ku Mufakose, kuno ku Harare, atawapeza ndi glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso, dokotala anawauza kuti abale awo onse opitirira zaka 40 akayezetse maso, poti matendawa amayenda m'magazi ndipo anthu akuda amatigwira msanga. Ine ndili ndi zaka 56. Amayi a Chisomo anandisitira shati yoyera ya ku tchalitchi, ati kuchipatala sapitako ngati wokagula tomato ku msika wa Mbare. Kolala yake inandikwana kale, khosi lidakali la mnyamata. Ndinakakamiza batani, n'kumangapo tayi.

Nesi atati tiyambe ndi puresha, ndinavula jekete n'kuyamba kupinda mkono wa shati. "Sekuru, ya m'diso, osati BP." Anati m'diso mumapangika timadzi usana ndi usiku, totulukira pa kangalande kakang'ono. Kangalandeko kakayamba kutsekeka, timadzito timachuluka n'kumapanikiza mtsempha wopita ku ubongo. Sumva kupweteka, diso limangoyamba kusaona cham'mbali, ndipo pomwe mtsempha wafa sipadzukanso. Kwa anthu ambiri nambala yake imakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg.

Ndinaika chibwano pa kachitsulo, chipumi pa lamba, n'kuyang'ana kanyali. Mwina ananena m'Chishona chake chothamangacho kuti makinawo amalavula mpweya, koma ine sindinamve. Phu! Ndinadumpha, mpando wa matayala unathawira kukhoma, ine khu pansi. "Mayo, laphulika!" Onse a pabenchi anafa nacho chikhakhali. Pobwereza ndinati ndilimbe mtima ngati mwamuna: ndinagwira mpweya, ndinakukuta mano, zikope zili gwa. Makina analemba 30 kumanja, 31 kumanzere. Ndinatuluka pakhonde n'kuimbira amayi a Chisomo kuwauza pomwe ndimasunga mapepala a nyumba.

Dokotala asanaone n'komwe maso, anayang'ana mitsempha ya m'khosi mwanga itatupa ngati zingwe za katundu. "Bambo, masulani tayiyo ndi batani lomwe." Anati kolala yothina, kugwira mpweya ndi kufinya zikope, zonse zimakweza nambala. Ine ndinali nditachita zitatu zonse nthawi imodzi. Anawonjeza kuti kagalasi ka kutsogolo kwa diso kakakhala kochindikala makina amalemba nambala yokwera, kakakhala kopyapyala amalemba yotsika, n'chifukwa chake nambala payokha sitsimikiza matenda.

Anandidonthezera mankhwala ochititsa dzanzi pamodzi ndi utoto wachikasu, fluorescein, n'kundikhazika pa makina ena otchedwa Goldmann. Apa palibe kulavula. Kansonga kowala buluu kamabwera pang'onopang'ono mpaka kukhudza diso, iwe osamva kanthu, dokotala n'kumapotokola kagudumu mpaka timizere tiwiri tokhota tomwe akuona tikumane m'mphepete. "Pumani, bambo. Pumani ngati muli pakhonde kwanu." Kumanja 17, kumanzere 24. Ataunika mtsempha wa diso anati wakumanzerewo wayamba kukumbika pakati, ndibwerenso m'mawa wina adzayezenso, poti puresha imasintha ndi nthawi ya tsiku, ndiponso adzaone mmene ndikuonera cham'mbali.

Anafunsa ngati ndili ndi mphumu. Ndili nayo, ndiye mankhwala odontheza m'maso a timolol anawakana, ati amatha kubanikitsa. Anandilembera latanoprost, dontho limodzi m'diso lakumanzere usiku uliwonse, kenako kutsinzina n'kupanikiza ndi chala pakona ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi ziwiri kuti mankhwala asathawire kumphuno. Ati nsidze za pachikope cha diso limenelo zitha kutalika kuposa zinzake. Pa msinkhu wanga uno!

Za njira yochoka m'diso kupita kumphunoyo ndinazimvetsa bwino m'kombi yobwerera ku Dzivarasekwa. Tinali anayi pampando, othithikana. Mphuno inayamba kuyabwa, ndinatulutsa mpango woyera n'kumina. Mamina ake achikasu chowala, ngati ndasungunula choko. Utoto uja. Mayi amene anali pambali panga anayang'ana mpango, anayang'ana maso anga omwe m'mphepete munali mudakali chikasu, n'kugogoda denga kuti atsike. Ndikuti ndifotokoze za fluorescein, winanso anatsika. Hwindi, kondakitala wa kombiyo, anandilipiritsa ndalama za anthu awiri.