Clang kapena GCC pa ma ports a FreeBSD

Ambiri amaganiza kuti FreeBSD, operating system yofananako ndi Linux, inasiya compiler (pulogalamu yosandutsa code kukhala pulogalamu yogwira ntchito) ya GCC chifukwa choti inzake ya Clang ndi yothamanga, koma ayi ndithu, nkhani yaikulu inali layisensi. Opanga FreeBSD anakakamira pa GCC 4.2.1 ya mu 2007 kwa zaka zambirimbiri poti zotuluka pambuyo pake zinapita ku layisensi ya GPLv3, ndipo iwo sankaifuna imeneyo mu base system, chigawo chachikulu chomwe chimabwera ndi FreeBSD yeniyeniyo. Ndiye mu 2014 FreeBSD 10.0 inatuluka Clang ili default pa ma processor a amd64 ndi i386.

Chintchito chinatsalira ku ma ports, mapulogalamu a anthu ena aja, masauzande ambirimbiri, ochuluka olembedwera pa Linux ndi anthu oti compiler amangodziwa GCC basi. Ena anaikamo nested functions (ma function olembedwa mkati mwa ma function ena), zomwe Clang imakana mpaka lero, ndiye build imangofera panjira. Apa maintainer, wosamalira port imeneyo, amalemba USE_GCC=yes mu Makefile (fayilo ya malangizo omangira pulogalamuyo), GCC yatsopano imabwera kuchokera mu ports momwemo, zinthu nkutheka. Zolembedwa m'chilankhulo cha Fortran nazo zimadalirabe gfortran, compiler ya Fortran ya GCC.

Ine kumbali yanga ndimagwirizana nawo a FreeBSD, kungoti kudikira GCC yonse imangidwe chifukwa cha kapulogalamu kamodzi kumabowa bwanji, fani ya laputopu kumangolira usiku onse.