Tinagona mu tenti pa Chambe mvula ili pakati

Anzanga atamva kuti ndikukwera phiri la Mulanje mu Januwale tenti ili kumsana, aliyense ankangoti dikira kaye mvula ithe. Koma tchuthi changa chinali chomwecho, komanso kunena zoona phiri lija nthawi ya dzinja limakongola mwapadera, madzi amatsika m'matanthwe mbali zonse ngati wina wayanika nsalu zoyera, ndiye ndinati tipita basi bola kukonzeka. Ndiponso ku Mulanje palibe mwezi woti ungalumbire kuti sunyowa, ngakhale Juni ndi Julaye chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi mvumbi wake wa masiku angapo.

Kukonzeka kunayambira kunyumba ku Limbe. Tenti ndinaikhoma pabwalo, ine kulowa mkati, mng'ono wanga akuthira madzi pamwamba ndi kheni yothirira dimba. Panapezeka podontha pawiri, ponse m'misoko momwe tepi inali itamatuka, tinamata n'kuyesanso. Chonde osadumpha zimenezi, makamaka ngati tenti ndi yobwereka kapena ya pakaunjika. Kenako ndinagula pepala lakuda la pulasitiki lija timafolera nalo nyumba za udzu, loyala pansi pa tenti, ndipo ndinalidula kuti lichepe pang'ono kuposa tentiyo. Likatulukira m'mbali limakhala ngati mbale, madzi otsika padenga amagwera pomwepo n'kulowa pansi pako, ndiye kuli bwino lichepe.

Zovala zonse m'majumbo, jumbo iliyonse yomanga payokha, kenako zonse m'thumba lalikulu la pulasitiki mkati mwa chikwama. Panali jumbo imodzi yomwe ndinadziuza kuti siyitsegulidwa mpaka nthawi yogona: juzi, thalauza yofewa, sokosi ziwiri ndi chipewa. Jinzi ndinasiya kunyumba, ikanyowa imalemera ndipo siuma. Machesi m'kabotolo kotseka, foni ndi tochi m'kajumbo kawo.

Ine ndi mnzanga tinakwera minibasi ya msewu wa Midima mpaka pa Chitakale, apo kabaza wa njinga yamoto mpaka ku Likhubula komwe tinagona. M'mawa tinalipira ku ofesi ya zankhalango, tinapeza gaidi wathu ndi mnyamata wonyamula katundu, isanakwane 7 koloko tinali titayamba kale. Gaidiyo ndi amene ankatifulumizitsa. "Achimwene, mvula ya kuno imakonda masana, tiyeni tiponde tikafike isanatipeze."

Inatipezabe. Cha m'ma 10 koloko kunangoda bii kumtunda, ndipo tisanamve n'dontho lomwe kamtsinje kena komwe timayenera kuwoloka kanali katasanduka kofiira, kakulira, miyala ikugubuduzika pansi pa madzi. Gaidi anakhala pansi, anatulutsa nthochi n'kuti tidikire. Mnzanga ankafuna tiyese poti pamaoneka pafupi, koma iye anakana ndithu, ndipo ine ndinali mbali yake. Aliyense amene anaona zomwe namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023 kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, zipsera za napolo zikuonekabe m'phiri, sangachite makani ndi madzi otsika kumtunda. Tinakhala pafupifupi ola limodzi titafunda marenikoti, madzi anaphwa momwe anadzadzira, tinawoloka ali m'mawondo titagwirana manja.

Titafika pa nyumba ya alendo ya Chambe tinapempha kukhoma tenti pafupi. Apa ndi pomwe ndinaphunzira chinthu chachikulu pa ulendo wonse. Ndinasankha malo osalala, udzu wofewa bwino, pobisika ku mphepo, ndinali nditayamba kale kuyala pepala langa lakuda. Gaidi anabwera n'kugwada, anandionetsa ndi chala. "Apa ayi achimwene. Taonani udzuwu wagonera mbali imodzi, ndi timitengo iti tawunjikana apa. Madzi amadutsa pano usiku." Nditayang'anitsitsa zinalidi choncho, panali ngati kanjira kosaoneka bwino, ndi mchenga woyera wosiyidwa ndi madzi m'munsi mwa udzu. Tinasamukira pa kamtunda pang'ono, polimba, posasangalatsa kugonapo kwenikweni, komanso kutali ndi mitengo yoti nthambi zingagwe.

Dothi pamenepo ndi lochepa, zikhomo zina zinkangogunda thanthwe n'kupindika, ndiye zingwe tinamangirira ku miyala ikuluikulu. Khomo tinalozetsa kumbali komwe mphepo sichokera. Nsalu yapamwamba tinaikoka mpaka kulimba ngati ng'oma kuti isakhudzane ndi yamkati, chifukwa zikangokhudzana madzi amalowera pomwepo.

Kuphika tinaphikira m'nyumba muja, mlonda anali atakoleza moto, mpunga ndi masoya pisi ndi tiyi wambiri wa shuga, nsapato ndi sokosi tandanda mozungulira moto zikufuka nthunzi. Moto kapena mbaula mu tenti ayi ndithu ngakhale kuzizire bwanji, utsi wa makala umapha munthu ali m'tulo.

Usiku inabwera yeniyeni tsopano, ya mabingu, ikumenya nsalu moti sitimamvana polankhula. Ndinatsegula jumbo yanga ija, kuvala zouma, ndipo sindingathe kufotokoza kukoma kwa sokosi youma pamalo ngati amenewo. Zonyowa zonse ndi nsapato zinatsala pakakhonde ka tenti. Pakati pa usiku mnzanga anatseka timawindo topumira poti kumazizira, m'mawa denga lamkati linali nyowe ndi mpweya wathu womwe, mpaka tinkaganiza kuti tenti yadontha. Timawindo timeneto tizikhala totsegula ngakhale pang'ono.

Kutacha ndinapita kukaona pomwe ndinkafuna kugona paja. Panali dziwe, madzi ofika m'kakolo, akuyenda pang'onopang'ono kutsata momwe udzu unagonera.

Za Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002, tinazisiya. Gaidi anati matanthwe akeko akanyowa amaterera ngati therere ndipo nkhungu ikatseka suona ngakhale mnzako ali patsogolo, tidzabwere nthawi ya chilimwe. Tinangokhala pakhonde ndi makapu a tiyi, ndiye cha m'ma 8 nkhungu inang'ambika pang'ono, thanthwe la Chambe linaonekera lonse lakuda likunyezimira, timitsinje toyera tikutsika pamenepo, patangopita mphindi zochepa linabisikanso.

Tenti tinaipinda ili yonyowa, yolemera kuposa pobwera, tinaiika m'thumba lakelake kunja kwa chikwama. Nditafika ku Limbe ndisanasambe n'komwe ndinaiyanika pakhonde, inatenga masiku awiri kuti iume, ndipo m'makona mwake munali mudakali udzu ndi mchenga wa pa Chambe.