Damu langa, mwezi wa 7: madzi abiriwira, nsomba zina zafa mbandakucha

Yakwana miyezi 7 chiikireni nsomba m'damu langa la kudimba, ndipo zimene ndaona kuyambira Ogasiti zaposa za miyezi ina yonse. Kwa inu amene mwangoyamba kuwerenga zolembazi: damuli ndi la mamita 15 mulitali, 10 mulifupi, mbali yozama madzi amandilekeza m'chiuno, ndipo lili m'mphepete mwa dambo kuno ku Zomba, chakufupi ndi Domasi. Ndinaikamo makumba ndi chilunguni mu Marichi, mvula ikutsazika.

Za Juni ndi Julayi ndingodutsa. Kunazizira, nsomba zinangoti phee pansi, madeya ndikawaza ankayandama mpaka dzuwa kupendeka. Madzi anali mbee, pansi pakuoneka, ine n'kumakondwa kuti damu langa ndi laukhondo. Mlangizi wa za nsomba atabwera, anagwada m'mphepete, n'kupinda malaya, n'kumiza mkono mpaka m'chigongono.

"Bambo, chikhatho changachi mukuchiona?"

Ndinati inde, ngakhale zala ndikuziwerenga.

"Ndiye kuti nsomba zanu zikugona ndi njala. Madzi oyera ndi akumwa ife. A nsomba amafunika abiriwire."

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuika zitosi za nkhuku m'saka, n'kulimangirira pachikhomo pangodya ya damu kuti zizisungunuka pang'onopang'ono. Kutayamba kufunda, madzi anasintha m'masabata awiri okha, anachita ngati msuzi wa nkhwani. Tsiku lina ndinatunga m'botolo loonekera mkati n'kuliloza kudzuwa. Munali timadontho tambirimbiri, tina toyera, tina tofiirira, tikudumphadumpha. Mdzukulu wanga anaika diso pabotolopo n'kukuwa, "Agogo, madziwa ali ndi nthata!" Ndinamuuza kuti nthata zimenezo ndiye ndiwo za tiana ta nsomba. Tinakhala pamtumbira nthawi yaitali, botolo likuyenda m'manja.

Apa mpamene ndinamvetsa chimene ndikuweta. Ine ndimasamala madzi, ndipo madziwo ndi amene amalera nsomba. Kubiriwira kuja ndi ndere zazing'ono kwambiri zosaoneka imodziimodzi, zimene zimakula ndi dzuwa komanso chonde cha m'zitosi, monga mmene chimanga chimachitira m'munda. Tizilombo todumpha tija timadya nderezo. Nsomba zimadya tizilomboto pamodzi ndi ndere. Chilichonse chikafa chimamira, chimaola m'matope, chonde chake n'kubwerera m'madzi, ndere zina n'kumera. Madeya anga ndi ongoonjezera chabe.

Chinanso chondisangalatsa n'chakuti mitundu iwiriyi siilimbirana mbale imodzi. Makumba amasefa madzi ndi kutola za m'matope. Chilunguni amakonda masamba: ndikaponya kholowa, chisoso kapena nkhwani, pofika masana patsala mitsitsi ndi timapesi tokha. Ngakhale kulera ana n'kosiyana. Chilunguni amakumba kadzenje pamalo osaya, wamwamuna ndi wamkazi n'kumalondera limodzi. Makumba aakazi amafungatira mazira m'kamwa. Sabata yatha ndinaona mmodzi atalavula tiana tambiri m'mbali mwa udzu, mthunzi wanga utangogwera pamadzi, tonse tinathamangira m'kamwa mwa mayi wawo ngati tayamwidwa. Ndinaima pomwepo osagwedezeka mpaka anatitulutsanso.

Alendo nawonso achuluka. Mbululu zadzaza mbali yosaya, atombolombo akuikira m'madzi, nantchengwa amabwera m'mawa uliwonse kudzatola achule, ndipo ng'azi imodzi yasiya mkukuluzi wa mchira wake pamatope. Poyamba ndinkaona ngati onsewa ndi akuba. Koma taonani chiwerengero chawo: ndere zosawerengeka, tizilombo tambirimbiri, nsomba mazana angapo, ng'azi imodzi. Akatswiri a zachilengedwe amanena kuti chamoyo chikadya chinzake, mphamvu imene imasanduka thupi lake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, yotsalayo imathera pa kupuma, kuyenda ndi zotuluka m'mimba. N'chifukwa chake odya nyama amakhala ochepa kulikonse, ndipo n'chifukwa chake damu laling'ono limabereka bwino ndi nsomba zodya ndere ndi masamba kusiyana ndi zodya nsomba zinzake. Ng'aziyo ndaitchingira ndi mpanda wa bango. Nantchengwa ndamusiya, pakuti mbululu zimandithera madeya.

Tsopano za tsoka lija. Nditaona kuti manyowa akugwira ntchito, ndinaonjezera saka lachiwiri, ndowe zang'ombe pamwamba pake, m'kati mwa kutentha kwa Okutobala kuno. Madzi anachita bii, chikhatho chinkasowa mkono usanafike n'komwe pakati. Lachinayi ndinalawirira kudimba kusanache, ndipo ndinapeza pamwamba pa damu ponse pali timilomo, nsomba zikuyasama ngati zikumwa mphepo. Zazikulu 11 zinali zitagona chagada. Mtima unandiwawa, chifukwa zinali zija ndinkaziyembekezera pa Khirisimasi.

Chinachitika n'chiyani? Ndere zimatulutsa mpweya wa okosijeni masana okha, dzuwa likamawala. Usiku nazo zimapuma, nsomba zimapuma, tizilombo tooletsa manyowa m'matope timapumanso, ndipo madzi otentha sasunga mpweya wambiri. Pofika mbandakucha nkhokwe imakhala itauma. Chonde chomwe chinadyetsa nsomba ndi chimene chinazibanikitsa chitapyola muyeso. Ndinazula masaka onse awiri, ndinatsegula ngalande kuti madzi atsopano alowe, ndinamenya madzi ndi nsungwi mpaka dzuwa litatuluka, ndipo masiku atatu sindinawaze madeya. Lero chikhatho chikusowa cha pachigongono, pamene mlangizi ananena.

Mnzanga wa dimba loyandikana nalo, mkulu amene anathera unyamata wake akuwedza ku Kachulu, anabwera kudzandipepesa. Anagwira nsomba imodzi, naitsegula makha, n'kunena, "Achimwene, Chilwa ndi damu ngati lanuli, kukula kokha." Ndaganizira mawuwo sabata yonse. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, chonde cha m'mitsinje chimangounjikana, ndiye matemba, makumba ndi milamba zimaswana mochuluka. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, koma madzi atabwerera nsomba zimene zinabisala m'mitsinje ndi m'madambo zinaidzazanso.

Nyanja ya Malawi ndi ina. Kumpoto imazama pafupifupi mamita 700, ndipo kupitirira mamita 250 kutsika pansi kulibe okosijeni, nsomba sizikhalako. Chonde chambiri chimamira n'kukatsekeredwa kumeneko. Mwera ukamaomba m'miyezi yozizira, umavundula madzi, ena a pansi n'kukwera chakumwera, ndere n'kuchuluka. Usipa umadya tizilombo todumpha ngati ta m'botolo tija, ndipo nkhungu, ntchentche zing'onozing'ono zimene zimafuka panyanja ngati utsi, zimakulira m'madzi momwemo zikudya tizilombo tomweto. Mphepo imene asodzi amaiopa ndi yomwe imathira manyowa m'nyanja, ntchito imene ine ndimagwira ndi saka la zitosi.

Chatsala kuti ndiganize bwino ndi tiana. Makumba aswana kwambiri, ndipo akachulukitsa onse adzapinimbira chifukwa chakudya cha m'madzi chili ndi malire. Mnzanga uja akuti ndiikemo milamba iwiri kapena itatu izichepetsako. Ine mtima uli pa kukokolola tianato ndi chitenje chakale n'kukatiika m'kadamu kena kamene ndayamba kukumba kumunsi, pakuti mlamba ukakula sudzasankha. Ndikadzakhuthula damu mu Disembala, matope akuda a pansiwo ndidzawathira m'mabedi a mpiru ndi tomato, masamba otsala adzabwereranso kwa chilunguni.

Pakali pano saka ndi limodzi lokha, lodzaza theka. Mawa ndidzuka 4 koloko kukaona ngati pamwamba pa madzi pali timilomo.